Mphika Wachiwiri

Kachete akaweruka kusukulu sankayamba wavula yunifolomu. Ankaponya chikwama pampando, n'kusamba m'manja, n'kukaima pafupi ndi sinki ya kukhitchini. Pamenepo ankapeza bambo ake atamudikirira kale, supuni ili m'manja, maso ali kukhomo ngati munthu amene akudikira zotsatira za kuchipatala.

"Mayi, tafikani kuno. Yasamulani."

Ankamutchula choncho kuyambira ali wakhanda, ati anatengera mphumi ya agogo ake. Ena onse ankamuti Kachete, poti kusukulu aphunzitsi ankatha teremu yathunthu asanamve mawu ake.

Mtsikanayo ankalawa, n'kuusiya msuziwo uyende pang'ono palilime, kenako n'kumeza.

"Ndimu yakwana. Mchere wachepa pang'ono."

"Pang'ono pake pati? Pa nyerere kapena pa njovu?"

"Pa nyerere."

Bambowo ankathira, kutakasa, n'kumupatsanso. Akagwedeza mutu, mapewa awo ankatsika, ndipo m'pamene ankakumbukira kumufunsa kuti kusukulu kunali bwanji.

Bambo akewo anali a Lawani. Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso basi. Kwa zaka khumi, Loweruka lililonse masana, ankaphika pa kanema. Ankatapa mchere, n'kukweza dzanja kupitirira mutu, n'kuuwaza mumphika ngati mvula. Akatero ankalawa, kutsinzina, kukhala zii kamphindi, kenako n'kuphenyula maso: "Aaa! Lawani!" Ana a mumsewu ankawayeserera ndi mchenga. Nkhope yawo inali pa chikwangwani chachikulu pafupi ndi pokwerera basi, ikumwetulira anthu amene akukanganirana mipando. Kunyumba kwawo kunali lamulo limodzi lokha losasintha: mchere sunkabwera patebulo. Ankati zimene aphika aphika, wofuna kuwonjezera akadye kwina.

Koma a Lawani anali atatha miyezi khumi ndi inayi osamva kukoma kwa chilichonse.

Chinayambitsa ndi chimfine. Chinawagoneka sabata imodzi, chinatha, iwo n'kudzuka bwinobwino. M'mawa wina mayi ake a Kachete anamwa tiyi n'kuthamangira kukalavula musinki, mkaka unali utasasa. Atacheuka anapeza amuna awo atamaliza kale kapu yonse, akuthiranso ina. Adokotala anati zikhoza kubwerera, zikhoza osabwerera, tingodikira. Anadikiradi. Ananunkhiza adyo, khofi, sopo, ngakhale polishi wa nsapato. Tsiku lina Kachete anawapeza ataima pawindo akudya anyezi wamuwisi ngati apozi, misozi ili chuchuchu.

"Maso okha ndiwo akumva, Mayi," anatero akuseka. Sikunali kuseka kwabwino.

Odziwa nkhaniyi anali atatu okha, onse a nyumba imodzi. Chinawabisa nthawi yonseyo ndi mmene mapulogalamu ophika amajambulidwira. Pa kanema pamakhala miphika iwiri. Woyamba ndi umene owonera amaona ukuthiridwa zinthu, ndipo umenewo palibe amadya. Kamera ikaphonya, wophika amathiranso mchere kachiwiri, kachitatu, mpaka chithunzi chikongole. Ikatha ntchito, zonsezo zimakathera m'bini. Mphika wachiwiri umaphikidwa dzulo lake, n'kubisidwa pansi pa tebulo. Akabwerako ku uthenga wamalonda, ndi umenewo umakhala pamoto, ndipo mlendo amalawa za mmenemo. Mphika wachiwiri wa a Lawani unkaphikidwira kunyumba Lachisanu masana, Kachete ataima pa sinki.

Kunena zoona, mtsikanayo ankakukonda kuima pamenepo. Sanauzepo munthu. Kusukulu anali ngati mpando wosweka umene anthu amangoulambalala, koma m'khitchini muja munthu wa pachikwangwani ankadikira mawu ake.

Lachiwiri lina kunabwera a Mphindi, mayi amene ankakonza pulogalamuyo. Dzinalo anawapatsa ndi anyamata a makamera, chifukwa chilichonse kwa iwo chinali "mphindi ziwiri". Anakhala pakhonde osatsitsa chikwama pamiyendo. Kachete anabweretsa madzi akumwa, n'kukabisala kuseri kwa chitseko.

"Shefu, ndisakunamizeni," anatero a Mphindi. "Amene amatithandiza aja achoka. Abwera atsopano, a kampani ya mchere. Bwana wawo mtima uli pa uja wa pafoni uja."

"Uja amaphika akuvina?"

"Yemweyo. Ana amamukonda."

"Amakazinga dzira akudumphadumpha ngati waponda moto. Mwati ameneyo?"

"Ine sindinati ndimamukonda, ndati ana. Ndiye ndawauza kuti asanaganize, aone kaye zaka khumi zathu. Loweruka likubwerali tiulutsa pompopompo, osajambula kaye. Anthu makumi asanu m'situdiyo. Mphika umodzi, ndipo tilengeza kuti ndi umodzi. Anthu masiku ano achenjera, amati timawanamiza. Mukawakomera, pulogalamu ndi yanu zaka zina zitatu. Zikavuta, ine ndilibenso mawu."

Bambowo anaseka kwambiri, mpaka kumenya bondo. "Mphika umodzi? Kodi kale tinkaphika ndi ingati? Koma wolawa akhale mwana wangayu. Zaka khumi, anthu aone banja."

"Kachete? Alankhula?"

"Mawu awiri okha. Amenewo angamukanike?"

Kuseri kwa chitseko, Kachete anamva zonse.

A Mphindi atapita, mayi ake anaimitsa makina osokera. Anali telala, ndipo maepuloni onse amene a Lawani anavalapo pa kanema anasokedwa pabalaza pomwepo.

"Bambo a Kachete, bwanji osangowauza anthuwa zoona?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti dalaivala wa basi yanu saona, koma khalani phee, msewu amaudziwa?"

"Matenda si umbava."

"Pa kanema ndi umbava."

"Nanga mwanayu? Mpaka liti akhale lilime lanu? Akakwatiwa mudzamutsatira ndi supuni?"

"Ndidzamutsatira. Mkamwini adzazolowera."

Mayiwo sanaseke. Anapondanso makina awo mwamphamvu mpaka ulusi unaduka.

Sabata imeneyo anadya nkhuku ya msuzi wa tomato ndi mpunga masiku anayi otsatizana. Ankaphika mumphika womwewo, pamoto womwewo, wotchi ili patebulo. Kachete anatenga kope lake lakale la sayansi n'kumalemba zonse kumasamba otsala: anyezi awiri apakati, mphindi zisanu ndi ziwiri, tomato asanu, theka la ndimu, madzi makapu awiri. Mchere unawavuta kwambiri. Kunyumbako ankagwiritsa ntchito mchere wa timiyala, wa m'botolo lakale la jamu. Anayesa kutapa kawiri, unachepa. Kanayi, unawawa. Lachisanu anapeza pake: katatu, ndi zala zinayi. Kachete analemba n'kudula mzere kawiri kunsi kwake.

"Mawa mukandipatsanso nkhuku ndiyamba kulira kokoliriko," anatero mayi ake akutsuka mbale.

"Mawa mudya kuhotela, mkazi wa munthu wotchuka," anayankha bambowo. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, mawu atatsika. "Katatu, eti?"

"Katatu, adadi."

Kachete anali asanalowepo mu situdiyo. Khitchini imene anakula akuiona pa kanema inali makoma atatu a matabwa, opanda denga. Windo lake linali chithunzi cha mtengo. Pansi pa sinki panali ndowa, poti paipi sinkapita kulikonse. Anatsegula firiji mwakabisira, anapezamo nsapato za munthu. Pansi ponse panali zingwe zamagetsi zomatidwa ndi tepi, ndipo anthu ovala zakuda ankazidumpha osayang'ana.

Kunali kutatsala theka la ola. Mayi ake anali atakhala kale kutsogolo, chikwama atachikumbatira. Bambo ake anali kuchipinda chodzolera. Kachete anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa tebulo lophikira, akuwerenga mumtima ngati wolowa mayeso. Anyezi awiri. Tomato asanu. Ndimu. Kenako anafika pa mchere.

Botolo la jamu lija, limene anabwera nalo okha, linali litakankhidwira pansi pa tebulo. M'malo mwake munali kambale kagalasi, pambali pake paketi ya kampani ija itaimikidwa moyang'ana kamera. Anapisamo zala. Mcherewo unali wosalala ngati ufa, woyera mbee, ndipo unakanirira m'zala osafuna kuchoka. Anatapa ndi zala zinayi monga amachitira bambo ake, n'kuuyang'ana m'dzanja. Wa timiyala umasiya mipata. Uwu unalibe mpata ndi umodzi womwe. Kutapa kamodzi kunali ngati kawiri.

Anathamanga, akupunthwa pa zingwe, mpaka pakhomo la chipinda chodzolera. Munali modzaza. Mayi wina ankawapaka paudala pamphumi bambo ake. A Mphindi ankalankhula ndi mafoni awiri. Pakati panaima bambo wina wamtali wa suti ya buluu, bwana wa kampani ya mchere uja, akusimba nkhani, ndipo aliyense ankaseka asanamalize n'komwe.

"Adadi."

Palibe anamva.

"Adadi," anabwerezanso.

Amene anacheuka ndi bwana uja. "Aa! Ndiye mwana wathuyu? Talowa, mwanawe! Nonse chete, mwana akufuna kulankhula. Lankhula, usaope!"

Chipinda chonse chinakhala chete. Maso khumi ndi awiri, kuphatikiza a pagalasi, onse pa iye. Mawu anali okonzeka pakamwa: mchere wasintha, mutape kawiri kokha. Koma akanawanena bwanji pamaso pa mwini mcherewo? Ndipo wina akanafunsa kuti kodi shefu sadzalawa yekha? Akanatha kuwakoka dzanja bambo ake n'kutuluka nawo panja. Anaziganiza zimenezo pambuyo pake, kambirimbiri. Pa nthawiyo pakamwa panatuluka zina.

"Ndimati... mwina mukufuna madzi."

"Mwaona ulemu?" anatero bwanayo. "Anga kunyumba angandifunse madzi? Amandifunsa pasiwedi!"

Anthu anaseka. Bambo ake anamutsinzinira diso limodzi pagalasi.

"Mphindi ziwiri!" anakuwa a Mphindi.

Panjira yobwerera, bambo wina wa mahedifoni anamuimitsa n'kumukoleka kamaikolofoni pa kolala. "Kuyambira pano chilichonse unganene tikumva kuchipinda uko," anatero. "Ngakhale kumeza malovu. Ndiye usatinyoze." Kachete anakhala pafupi ndi mayi ake, manja ali pakati pa mawondo. Mayiwo anamuyang'ana.

"Watani? Mimba?"

Anapukusa mutu.

Magetsi anayaka onse. Nyimbo ya pulogalamu inalira, anthu anaomba m'manja, ndipo a Lawani anatulukira atavala epuloni yatsopano yofiira. Pa kanema ankaoneka aakulu. Apa ankaoneka ochepa, koma manja awo anali omwe aja. Anadula anyezi osayang'ana mpeni, akucheza ndi agogo ena a mzere wachiwiri. Anagwada n'kukweza nsalu ya tebulo kuti kamera ione pansi.

"Mwaona? Palibe mphika wina. Lero tikapsereza, tipserezera limodzi!"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Kachete ankangoyang'ana kambale kagalasi kaja. Mwina aona okha, anadziuza. Zala zawo zimva. Koma nthawi ya mchere itafika, bambo ake maso anali pa kamera, pakamwa pakutchula dzina la kampani monga anawauzira. Dzanja linalowa m'kambale lokha. Linakwera kupitirira mutu. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Pansi pa magetsi aja mcherewo unkagwa mokongola zedi, ngati utsi.

Kuseri kwa kamera, a Mphindi anazunguza chala m'mwamba. Chinali chizindikiro chawo cha zaka khumi: bwerezani, paketi sinaoneke. Iwonso anali ataiwala kuti lero mphikawo udyedwa. Ndipo dzanja la a Lawani, limene linamvera chala chimenecho Loweruka lililonse, linamveranso. Kanayi. Kasanu.

Linaima m'malere. Kachete anaona bambo ake akusuzumira mumphika.

"Ndiye kunyumbako," anatero akumwetulira, "dzanja likakuthawani ngati langali, musalire. Mbatata ilipo chifukwa cha anthu ngati ife."

Anasenda mbatata ziwiri mwachangu, kuzidula, kuponyamo. Anawonjezera kapu ya madzi, ndi tomato wina amene anali wokongoletsera. Anali katswiri ndithu. Zimene anachitazo zikanakonza mphika wa kutapa kasanu. Koma Kachete yekha m'chipinda chonsecho ankadziwa kuti mumphikamo munali ngati kakhumi.

Uthenga wamalonda unadutsa kawiri. Mpunga unapsa. A Lawani anavundukula mphika, nthunzi inakwera, anthu anati "mmm". Anatunga ndi supuni, kulawa, kutsinzina. Situdiyo yonse inadikira.

"Aaa! Lawani!"

M'manja munaombedwa ngati mvula ya matalala padenga la malata.

"Lero wolawa si mlendo," anatero. "Ndi mayi anga ondibereka ine, ngakhale ali fomu 3. Mayi, tafikani kuno."

Kachete sanadziwe kuti anayenda bwanji. Kutsogoloko kunali kotentha, ndipo anthu sankaoneka, kunali mdima wokhawokha wokhala ndi mano. Mbale inali patebulo, mpunga utaumbidwa bwino, ntchafu ya nkhuku pambali, msuzi wofiira ukunyezimira. Bambo ake anamupatsa supuni. Dzanja lawo linali lonyowa.

Analawa.

Zinali ngati wanyambita mkati mwa thumba la mchere. Lilime linakwinyika, malovu anadzaza m'kamwa, m'mero munakana. Anameza mokakamiza. Anadzutsa mutu.

"Ndi zokoma, adadi."

Mawu akewo anatuluka m'masipika onse, aakulu, achilendo. Anthu anati "aaa", ena anaimba mluzu. Zatha, anaganiza. Ndikhale pansi, ndimwe madzi, zatha.

Koma a Mphindi anali ndi zawo zimene sanauze munthu. Anakodola bwana uja, ndipo iye anaimirira akumanga batani la jekete, n'kukwera kutsogolo anthu akuomba m'manja. M'thumba la jekete anatulutsa supuni yakeyake, yonyezimira, n'kuionetsa ku kamera.

"Ine ndabwera wokonzeka!" anatero. "Mwanawe, tigawane."

Kachete anakokera mbale ija kwa iye n'kuyamba kudya.

Sanaganize. Anangoona supuni ikubwera, dzanja lake n'kuchita zimenezo. Anadya mothamanga, mutu uli pansi, mkono wina utazinga mbale. Mpunga, msuzi, mpunga, msuzi. Nkhuku anaigwira ndi manja. Milomo inayamba kuwawa ngati yang'ambika. Situdiyo yonse inagwa ndi phwete.

"Mwana wa shefu samudyetsa kunyumba!" wina anakuwa kumbuyo.

"Musiyeni, ndi umboni umenewo!" anatero bwanayo akupukuta misozi ya kuseka. "Chabwino, mwanawe, idya. Ine ndipita kumwini mphika."

Anazungulira tebulo, supuni ili patsogolo.

A Lawani nawonso ankaseka, mpaka pamene anayang'ana mwana wawo. Miyezi khumi ndi inayi anali akuwerenga nkhope imeneyo masana aliwonse. Ankadziwa mmene nsidze zake zimachitira ndimu ikachuluka, mmene mphuno imakwinyikira adyo akapserera. Tsopano anaona khosi likulimbana ndi chakudya, maso atafiira, misozi ikugwera mumpunga, koma dzanja likutapabe. Kuseka kunawathera pankhope.

Anatenga chivundikiro n'kuvundikira mphika. Anasiya dzanja lawo pamwamba pake, popanda kansalu.

"Bwana, musalawe."

"Aa, shefu, nsanje?"

"Musalawe. Muli mchere woti n'kupha mbuzi." Anatembenuka. "Iwe, siya mbaleyo. Siya, mwanangu. Wina amupatse madzi."

Anthu ena ankasekabe, akuyesa ndi sewero. A Mphindi ankazunguza manja onse awiri. A Lawani anayang'ana kamera ya pakati, imene inali ndi kagetsi kofiira.

"Ndalawa pano inu mukuona, ndati lawani. Ndakunamizani. Ine sindimva kanthu m'kamwamu. Patha chaka ndi miyezi iwiri. Mukandipatsa uchi ndi sopo, kwa ine ndi chimodzimodzi. Amene wakhala akukuphikirani ndi lilime lake ndi mwanayu, akaweruka kusukulu." Analoza paketi ija. "Mcherewu ulibe mlandu. Ndi wabwino, ndikuganiza. Sindingadziwe."

Kagetsi kofiira kanazima. Pa makanema a m'mbali panabwera uthenga wamalonda umene anajambula Lachinayi: a Lawani atavala zoyera, akuwaza mchere kuchokera m'mwamba, akutsinzina, akuphenyula. Mawu anali otsitsa, koma milomo inkaoneka zimene ikunena.  Bwana uja anayang'ana supuni yake, n'kuibwezera m'thumba. Mayi ake a Kachete anakwera kutsogolo osaitanidwa, anamuchotsa mwana wawo kamaikolofoni kaja, n'kukaponya patebulo. Kenako anachotsa dzanja la amuna awo pa chivundikiro. Chikhatho chinali chitatuwa, chayamba matuza.

Kuhotela sanapite. Kachete anasanza kawiri panjira, ndipo atafika kunyumba anamwa madzi makapu asanu. Foni ya bambo ake inalira mpaka mayi ake anaitsekera mu dilowa ya makina osokera, pamodzi ndi mabatani. Lachitatu a Mphindi anabwera, ulendo uno opanda mafoni m'manja. Anakhala pakhonde nthawi yaitali. Kachete anangomva mawu amodzi: "Mukanandiuza ine, shefu. Ine ndekha." Lachisanu akuchokera kusukulu anapeza anthu awiri pamakwerero akumatula chikwangwani chija. Anali atachotsa kale maso ndi mphuno, kutsala pakamwa.

Kusukulu anyamata ankamuyeserera, kukumbatira mabuku n'kumadya mpweya ndi supuni. Atsikana ena amene sanamulankhulepo anabwera kudzamuuza kuti bambo ake ndi olimba mtima. Zonse ziwiri zinkamuwawa mofanana. Aliyense ankayesa kuti iye ndi mwana amene anayesetsa kupulumutsa bambo ake. Palibe ankadziwa za pakhomo la chipinda chodzolera.

Loweruka masana, nthawi ya pulogalamu, kanema wa kunyumbako anali wozimitsa. Koma wa oyandikana nawo ankamveka kudzera pakhoma: nyimbo ina yachilendo yothamanga, ndi mawu a mwamuna akukuwa kuti aliyense aimirire. Bambo ake anali kukhitchini, dzanja lamanja lili m'bandeji, akuyesa kudula anyezi ndi lamanzere. Kachete anakaima pa sinki. Palibe anamuitana.

"Adadi."

"Mayi."

"Ndinaona."

"Munaona chiyani?"

"Mchere uja. Tisanayambe. Ndinaugwira, ndinadziwa kuti ndi wina, kuti katatu kachuluka. Ndi zimene ndinabwerera kuchipinda kuja." Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, koma ankatuluka. "Si madzi ayi. Ndinachita mantha ndi anthu aja."

Mpeni unaima. Kuseri kwa khoma anthu ankaomba m'manja motsatira nyimbo. Bambo ake sanacheuke. Kachete ankaona msana wawo wokha, ndi mfundo ya epuloni yakale imene mayi ake anawamangira m'mawa.

"Unaona," anatero patapita nthawi.

"Eee."

"Ukananena, bwenzi nditabweza botolo langa."

"Eee."

"Mbatata zija zikanakwana."

"Zikanakwana."

"Bwenzi pano ndili uko." Analoza khoma ndi mpeni.

 Kachete ankafuna amukalipire, aponye mpeniwo musinki, chilichonse. Iwo anangopitiriza kudula, zidutswa zikutuluka zazikulu ndi zazing'ono ngati wadula ndi mwana.

"Zaka zina zitatu," anatero, ngati akulankhula ndi anyeziyo. "Iwe pa sinki pamenepo ngakhale utamaliza sukulu." Anapukuta maso ndi bandeji. "Sindikudziwa, mwanawe. Ndikanama ndikati sizikundiwawa. Zikundiwawa kwambiri. Tandipatsa mazira."

Anawapatsa. Anawaswera m'mbale, poti ndi dzanja limodzi sakanatha. Bambowo anakazinga anyezi, kuthira mazira, kutembenuza. Kachete anatenga supuni yake mu dilowa n'kudikira. Iwo anaiona, anapukusa mutu.

"Kaitane amako."

Atakhala onse patebulo, a Lawani anabwerera kukhitchini. Anatulukako atanyamula botolo la jamu lija, n'kuliika pakati pa tebulo, pafupi ndi buledi.

"Sindinathire," anatero. "Aliyense aone yekha."

Mayi ake a Kachete analiyang'ana botololo, n'kuyang'ana amuna awo. Anatsegula pakamwa ngati anena kanthu koseketsa, koma anangotapa pang'ono n'kuwaza m'mbale mwawo. Anakankhira botolo kwa mwana wawo.

Kachete sanaligwire. Milomo yake inali isanapole. Anadya mazira akewo choncho, opanda mchere, ndipo bambo ake, amene ankatafuna pang'onopang'ono kutsidya kwa tebulo, sanamufunse kuti ali bwanji.